Mbale Imodzi, Pakamwa Pawiri

Ndimafika dzuwa lisanakhudze nsonga za mapiri,
chisanu cha ku Ayaviri chikundiluma zala,
chikwama kumsana: sikelo, kompyuta, mabatire,
ndi kapepala konena kuti mayi Eulogia anavomera.
Anadinda chala, poti cholembera chinawakana.

Lamulo lake n'losavuta.
Mbale yopanda kanthu iyambe yakwera,
ndidine batani, nambala ibwerere pa ziro.
Kenako chakudya. Kenako zotsala.
Chimene chasowa pakatipo ndicho chalowa m'thupi.
Anatero amene anatiphunzitsa ku Lima.

Tsiku loyamba anandiseka.
"Mwana iwe, mbatata yanga yalakwanji
kuti uyiimike pabwalo la milandu?"
Komabe anaiika. Magalamu mazana awiri.
Msuzi wa kinuwa, nthuli ya nyama youma yonga chala,
ndi tchizi chodulidwa mopyapyala
moti kuwala kwa pazenera kunadutsamo.

Pulogalamu ili ndi mndandanda wake,
zakudya zikwizikwi, chilichonse ndi nambala yake,
koma kachewere wawo wakuda uja,
woumitsidwa ndi chisanu cha usiku n'kupondedwa ndi mapazi,
sinamudziwe.
Inandifunsa: wophika, wokazinga, kapena wa m'chitini?
Ndinasankha choyandikira. Bodza langa loyamba.

Masiku anayi mizere inali yobiriwira.
Mphamvu: zokwanira. Ayironi: pang'ono kukwana.
Mbale inkabwerera mbee, ngati yatsukidwa kale.
Koma sikelo inayo, yaikulu, yoimapo munthu,
inkanena zina:
chiyambire mwezi wa Meyi
makilogalamu atatu achoka pa mayi amenewa,
ndipo masiketi awo anayamba kufuna chingwe.

Ndinasintha mabatire.
Ndinayesa sikelo ndi kachitsulo kosadziwa kunama.
Ndinaimbira abwana, iwo anati, "Lowetsanso manambala."
Ndinalowetsanso.
Zobiriwira zokhazokha.

Tsiku lachisanu ndinaiwala chingwe chotchajira
ndipo ndinabwerera nditafika kale pamlatho.
Kuseri kwa khola la nkhosa ndinawapeza atagwada,
akumasula kansalu kamene kamakhala pamiyendo pawo pakudya.
Mbatata zitatu. Nthuli ija. Tchizi chonse.
Patsogolo pawo Fermín, kamnyamata ka nyumba yoyandikana,
komwe bambo ake anapita kumigodi n'kuiwala njira yobwerera,
kankameza osatafuna, maso ali kumsewu.

Sanadzidzimuke n'komwe.
"Makina akowo amafunsa chimene chachoka m'mbale," anatero.
"Sanafunsepo kuti chalowera kuti."

Usiku umenewo, m'kachipinda kanga ka lendi,
ndinatsegula kabokosi ka ndemanga
kolola zilembo zana limodzi basi.
Ndilembe kuti manambala ndi olakwika?
Adzawafufuta m'kafukufuku, dzina lawo lisanduke mpata.
Ndilembe kuti ndi olondola?
Lipoti lidzanena kuti kumapiri kuno okalamba akukhuta,
ndipo lole ya thandizo idzakhotera kwina.
Batire inatsala pang'ono. Kunja agalu anayamba, n'kuleka.

Ndinalemba: Mbale imodzi, pakamwa pawiri.
Pulogalamu inadula mzere wofiira kunsi kwake.

M'mawa ndinabwereka mbale yachiwiri kwa eni nyumba yanga,
ya chitsulo, yophwanyika m'mphepete,
ndinaika sikelo pakati penipeni pa tebulo,
ndipo mayi Eulogia anaima pakhomo
n'kuitana dzina lija poyera, mudzi wonse ukumva.
Kamnyamata kanalowa chammbali.
Kanayang'ana manambala akuphethira,
kanaika chala chimodzi pasikelo,
kenako dzanja lonse,
n'kukanikiza, lilime lili pakati pa mano,
kuti kaone ngati nako kali ndi kulemera.

"Chotsa dzanja," ndinatero, "tiyambire pa ziro."

Sikanachotse msanga.